Kanyimbo Kamene Ba Maud Sanakamve

Mukanadutsa ku Kanyama, komboni ina ya mu Lusaka, m'zaka zija za mavuto, cha kumene miyala imachita kutumphuka yokha m'nthaka, mukanawapeza Ba Maud atakhala pa chisaka m'mbali mwa msewu, miyendo atatambalala, hamala ili m'manja, akuphwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otakata ndi mawu okhuthala. Fumbi la miyala linkawayeretsa nsidze ndi duku yemwe, mwakuti ana ankawayesa nkhalamba, pamene msinkhu wa ukalamba anali asanaufike n'komwe. Anzawo a pamiyalapo ankawadziwira chinthu chimodzi. Mkono ukalema, Ba Maud ankaika hamala pansi, n'kulowetsa chala m'khutu la kumanzere, n'kuyamba kung'ung'udza zinthu zopanda mutu.

"Amake Vera, dzino layambanso?" ankafunsa motero bana Mutale, mayi wa pa mulu woyandikana nawo.

"Ni nyimbo."

"Nyimbo yabwanji yamene ilibe povinila? Imveka monga munthu bamuponda pa chilonda."

Ine sindiwaimba mlandu anthu amene ankasekawo. Chimene Ba Maud ankang'ung'udza, kuchimva pachokha, sichinali nyimbo ayi. Chinkayamba pansi, n'kukhala pa liwu limodzi mpaka womvera kutopa, n'kukwera pang'ono, n'kungoti zii, kenaka n'kubweranso munthu ataiwala kale. Chinali chigawo chimodzi cha nyimbo ya magawo anayi, chigawo cha aluto, aja mawu achikazi apansi amene ntchito yawo ndi kuchirikiza anzawo. Ba Maud anachiyimba chigawochi zaka zambiri m'tchalitchi chodzaza, anthu akupukuta misozi. Koma nyimbo yeniyeniyo, yonse pamodzi, iwo anali asanaimvepo chibadwire. Ndipo chimene ankafuna pa dziko lino, kuposa ndiwo, kuposa malata osadontha, chinali kuimva kamodzi kokha.

Mufunsa kuti woyimba angalephere bwanji kumva nyimbo yake. Dekhani, ndikuuzani.

Maud anabadwira ku Chadiza. Ali mwana anadwala chikuku, ndipo chikukucho chinapita ndi khutu la kumanja, n'kulisiya lokongoletsa mutu basi. Kwawo nkhaniyi sinkatchulidwa, poopa kuti mwana angadzasowe banja. Atakula anakwatiwa ndi Moven, mnyamata wa mudzi woyandikana nawo amene ankawotcherera zitsulo pa kampani ina yokonza mabasi mu Lusaka, ndipo anabwera naye ku tauni atanyamula mphasa, mphika ndi manyazi a kumudzi. Masiku amenewo kopa, mkuwa uja wa m'migodi, anali akadali ndi mtengo, buledi ankapezeka m'sitolo iliyonse. Chinkasowa ndi munthu wocheza naye. Moven ankachoka m'mamawa, kubwera dzuwa litalowa atadzera ku thaveni. Azimayi a pa mpopi ankalankhula Chinyanja chothamanga, chosakaniza ndi Chibemba, ndipo Maud akatsegula pakamwa ankamuseka kuti akulankhula ngati katekisimu. Anasungulumwa mtsikana uja mpaka kuwonda. N'chifukwa chake analowa kwaya, poti kumeneko munthu ankatha kutsegula pakamwa popanda womuseka.

Kwayayo ankaiphunzitsa ndi wansembe wachizungu, wamtali, wa mphuno yosupuka ndi dzuwa, amene dzina lake lenileni linatha kalekale m'kamwa mwa anthu. Onse ankangoti Faza Tsekani. Nthawi imeneyo Chilatini chinali chitatuluka kale m'tchalitchi, ng'oma ndi visekese zitalowa, ndipo Faza ankazikonda ng'omazo mpaka kumagwedeza mutu ali pa guwa. Koma anapempha chinthu chimodzi. Pa Lachisanu Loyera, tsiku limene ng'oma zimagona, ankafuna kanyimbo kena ka Chilatini ka kwawo. Ankati wokapeka anali katswiri wina amene anamwalira agogo a agogo athu asanabadwe, munthu wotchuka ndi nyimbo zikuluzikulu za zoyimbira zodzaza nyumba, koma aka anakalembera kwaya ya katchalitchi ka kumudzi, ndipo ngakhale ku Ulaya komweko okadziwa ndi owerengeka. Dzina la katswiriyo linali lothyola lilime, palibe analisunga. Mawu ake, Faza anati, ndi pemphero la munthu wotopa panjira. Kanali kakafupi zedi, madzi a tiyi sakanawira musanakamalize. Anthu ankangokatchula kuti Kachilatini.

Pepala la nyimboyo linali limodzi, la Faza yemweyo, ndipo timadontho take ta pamizere panalibe wina wotiwerenga. Choncho ankaphunzitsa pakamwa, gulu ndi gulu. A sopulano pansi pa mtengo wa mango, a aluto kuseri kwa tchalitchi, a tena m'kalasi, a besi, otsogozedwa ndi Ba Chalwe, cha ku thanki ya madzi. Gulu lililonse palokha linkayimba bwino. Vuto linali powaphatikiza. A sopulano akangokweza mawu, a aluto onse ankasiya njira yawo n'kuwathamangira ngati nkhuku zikaona wowaza chimanga. Faza ankafiira, kumenya phazi pansi.

"Tsekani! Tsekani khutu! Musamve mnzanu, mudzimve nokha!"

Tsiku lina anatsika pa kabokosi kake koimapo n'kulunjika kwa Maud, amene ankaima kumapeto kwa a aluto, phewa ndi phewa ndi mtsogoleri wa a sopulano, mtsikana woyera wa ku Petauke dzina lake Ennie. Anagwira chala cha Maud n'kuchilowetsa m'khutu la kumanzere, loyang'ana kwa Ennie. Iye ankayesa kuti wamusiyira la kumanja loti azimvera kwaya yonse. Akanadziwa bwanji? Nanga mtsikana wa ku Chadiza, woleredwa mwaulemu, angauze wansembe pamaso pa anthu kuti abambo, khutu mwatsekali ndi lokhalo ndili nalo? Maud anangoti, "Inde, abambo." Dziko lonse linati zii. Anatsala ndi mawu ake okha, akulira m'mutu mwake ngati mu mgolo.

Ha! Kuyambira tsikulo Maud sanasocherenso. Ankatenga liwu loyambira khutu lili lotsegula, n'kutseka, basi. Polowera ankaonera dzanja la Faza ndi phewa la Ennie, limene linkakwera mwini wake akamakoka mpweya. A aluto anzake, amene zala zawo zinkatseka mwachinyengo, anayamba kutsamira pa mawu ake okhuthalawo, ndipo tsiku limene Maud wadwala, Kachilatini sikankayesedwa n'komwe. Faza ankamuloza n'kumati uyu ndiye mzati. Maud ankanyada. Nyimbo zonse za ng'oma ankayimba khutu lili lotsegula ngati wina aliyense, koma Kachilatini, kamene kankatulutsidwa m'nyengo ya Lenti yokha, kanali ka chala m'khutu. Poti munthu sadandaula chimene sakuchidziwa, iye ankayesa kuti nyimboyo ndi yomwe ankaimva m'mutu mwakeyo. Ankangodabwa kuti anthu amalira chiyani pa kanyimbo kouma chonchi.

Mmodzi mwa olirawo anali Moven. Mwamunayu tchalitchi ankachidziwa kunja kokha, koma Lachisanu Loyera ankasamba, kuvala jekete la ukwati, n'kukakhala pa benchi ya kumbuyo. Ba Maud, pakuti tsopano anali mayi wa mwana wamkazi dzina lake Vera, ankati bamboyo amabwera kudzaona akazi a eni. Sanawafunsepo. M'nyumba mwawo munalibe chizolowezi chofunsana zinthu zotere.

Kenaka dziko linayamba kutsetsereka. Inu amene simunaimepo pa mzere wa unga kuyambira nkhuku zisanatsike, n'kufika pakhomo la sitolo n'kuuzidwa kuti watha, musandiuze za mavuto. Sopo anasowa, saladi, mafuta ophikira aja, anasowa, shuga ankachita kunong'onezana ngati chamba. Faza Tsekani anadwala chifuwa, akuluakulu ake anamubweza kwawo, pepala lija linapita naye m'sutikesi. Kwaya inapitiriza Kachilatini pamtima, Ba Ennie akutsogolera ndi mutu, ndipo kwa zaka zingapo kanayenda ndithu. Koma makampani anayamba kutseka, iyi lero iyo mawa, ndipo aliyense wochotsedwa ntchito ankapita ndi mawu ake. A besi ena anabwerera ku Kasama. A tena ena analowa ku Botswana kukasaka maganyu. Ena anawatenga matenda aja amene anthu sankawatchula dzina, ankangoti wadwala nthawi yaitali. Mwa a aluto otsala, Chrissie anaikidwa m'manda a ku Chingwere, Mainess anatembenukira ku mpingo wa m'tenti ku Kabanana n'kulumbira kuti Chilatini ndi chinenero cha mizimu, sadzachiikanso pakamwa. Achinyamata analowa m'kwaya ndi kiyibodi yawo. Chaka china Lachisanu Loyera linafika n'kupita Kachilatini osayimbidwa, ndipo chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa.

Kampani ya Ba Moven nayo inatseka. Bamboyo anayesa kuwotcherera mbaula pa msika, kenaka anayamba kutsokomola, kenaka anagona. Ndi pamene Ba Maud anagwira hamala. Wailesi inagulitsidwa, mipando inatsatira. Masana ena a mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa, Ba Maud akuwapukuta thukuta ndi kansalu, odwalawo anatsegula maso.

"Amake Vera, muniimbileko ija ya pa Chisanu."

Ba Maud anatseka khutu n'kuyimba. Atamaliza anapeza amuna awo akupukusa mutu.

"Si iyo."

"Ni iyo, atate ake Vera. Ni yamene nimaimba zaka zonse."

"Awe. Yamene nikamba ine ili na paja pakati. Paja pamene imwe mukhala pa liu limozi, simufuna kusuntha, ndiye Ba Ennie babwela pamwamba panu, mau yanu yagundana. Vimababa apa." Anagwira pachifuwa ngati pakupweteka. "Monga wanyamula thumba ya simenti kuchoka mu tauni, khosi ifuna kuthyoka. Manje Ba Chalwe na besi yao baseluka pansi, imwe mwasunthako pang'ono chabe, basi munthu bamutula. Nenze kubwelela pamene paja. Chaka chonse nenze kuyembekeza paja."

Ba Maud anaika kansalu pansi. Malowo ankawadziwa bwino. Ndi paja pamene ankagwira liwu limodzi mpaka mpweya kutsala pang'ono kutha, malo otopetsa kuposa onse. Sankadziwa kuti pamenepo pamachitika kanthu. Sankadziwa kuti mawu awo amakumana ndi a munthu. Zaka zonsezo mwamuna wawo ankavala jekete kudzamva chinthu chimene iwo ankachipanga ndi pakamwa pawo, eni akewo osachidziwa. Anachita manyazi, kenaka anamva nsanje, nsanje yeniyeni, pa munthu woti akufa.

Ba Moven anamwalira mvula itayamba, Kanyama yense atasanduka dziwe, bokosi anachita kulisenza pamapewa madzi ali m'mawondo mpaka ku msewu. Abale a mwamuna anatenga zimene anatenga, ndi jekete lomwe. Vera anali atakwatiwa kale ku komboni ya Garden, ndipo ndi mmene minibasi zinkadulira masiku amenewo, ankabwera mwa apo ndi apo. Ba Maud anatsala m'chipinda chimodzi ndi mbaula, hamala ndi kachigawo kawo ka nyimbo. Kusungulumwa kuja kwa pa utsikana kunabwerera, tsopano kutakula, kodziwa pokhala. Ankaphika kamphika ka munthu mmodzi, kudya ataima. Panali masiku amene kuyambira pochoka ku miyala mpaka pobwererako m'mawa mwake, pakamwa pawo sipankatuluka liwu kwa munthu.

"Amama, bwelelani ku Chadiza," anatero Vera tsiku lina atawaona manja osweka. "Kuli munda, kuli ba malume. Muno mu Lusaka mwasiyamo chani?"

"Nizayenda. Pali chinthu nifuna nimve poyamba."

Vera anayesa kuti mayi ake akunena za uthenga wa penshoni ya malemu, ndipo sanafunsenso.

Kuyesa anayesa. Anapita kwa achinyamata a kiyibodi, amene anawalandira mwaulemu, mtsogoleri wawo n'kuti, "Mami, tipaseni chuni yake, ise tizasakila vinangu." Chuni Ba Maud analibe. Anayimba chimene anali nacho, atsikana a kumbuyo n'kumabisa nkhope m'zitenje. Tsiku lina pa miyala anachita kuwapempha bana Mutale kuti agwire liwu lapamwamba pamene iwo akugwira lawo, kuti amve ngati kugundana kwake n'kotani. Bana Mutale anagwira pang'ono, n'kutembenukira ku kolasi ya Chibemba, akuwomba m'manja. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pakamwa pamodzi sipayimba magawo anayi.

Kupatula Mainess uja, odziwa Kachilatini mu Lusaka yense anali atatsala anayi, mwamwayi mmodzi pa chigawo chilichonse. Ba Ennie ankakhala ku Matero m'nyumba ya kampani ya amuna awo. Ba Lemmy, a tena, amene kale anali kalaliki wovala tayi, tsopano ankasenza mabelo a salaula, zovala zovalidwa kale zija, ku Kamwala. Ba Chalwe, a besi, Mbemba wanthabwala amene mawu ake ankanjenjemeretsa mawindo, anali chigonere ku George kwa mlongo wawo, miyendo itatupa. Ba Maud ankati ndidzawasonkhanitsa mvula ikatha, ndidzawasonkhanitsa ndikagulitsa mulu uwu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Anadzidzimuka tsiku limene mayi wina wa ku Matero wodzagula miyala anatchula, nkhani ili pakati, kuti amuna a Ba Ennie awadula ntchito, nyumba ailanda, ndipo lole ibwera Loweruka kudzawatuta kupita nawo ku Petauke. Umo ndi mmene makampani ankatsanzikira anthu: lole imodzi, katundu yense pamwamba, kukakutula pa mudzi umene unachokapo uli mnyamata.

Mlungu umenewo hamala inagona. Ba Maud anayenda wapansi mpaka ku Matero, ndipo pakati pa makatoni omangamanga anaulula za khutu lakufa, chinthu chimene m'kwaya monse munalibe wochidziwa.

"Mayo ine!" Ba Ennie anagwira pakamwa. "Zaka zonse izi nili pambali pako, sunanimvepo?"

"Nenze kumvela phewa yako chabe."

Ba Ennie anaseka, kenaka analira, kenaka anati bwera nawo awiri enawo Loweruka m'mawa, lole isananyamuke. Ba Maud anayenda ku Kamwala, n'kuwapeza Ba Lemmy atawerama pansi pa belo.

"Kuimba? Ba Maud, na njala iyi?" Ba Lemmy anaseka, koma kusekako kunathera panjira. "Nizabwela. Nizabweleka na wailesi ya kaseti kuli ba bwana banga, tijambule, muzimvela mpaka mukaleme."

Mtima wa Ba Maud unadumpha. Bwanji sanaganize zimenezi kale! Anayenda ku George mapazi osawamva kuwawa. Anawapeza Ba Chalwe atatsamira khoma, ataonda mwakuti mawu okha ndi amene anatsala a munthu wakale uja.

"Mayo, ine kuyenda ni vakale," anatero. "Koma ngati muli na wilibala, besi izafika."

Loweruka m'mawa lole inali itaima kale pa nyumba ya ku Matero, bedi ndi kabati zitamangidwa pamwamba, ana a Ba Ennie atakhala pa matiresi. Dalaivala, mwamuna wa chipewa chofiira ndi mtima wapachala, ankati ali ndi banja lina lokatenga ku Chawama, ndipo mlatho wa Luangwa afuna awoloke kusanade. Ba Lemmy anatulukira akukankha wilibala, Ba Chalwe ali m'menemo atafunda bulangete, wailesi ataifukata ngati khanda. Mabatire ake anali akale. Ba Lemmy anali atawayanika padzuwa dzulo lake, ena atawaluma ndi mano, monga ankachitira aliyense masiku amenewo. Anadina batani. Kaseti inazungulira mwaulesi, n'kuima. Anawatulutsa, kuwafikisa m'manja, kuwabwezera. Zii. Magetsi m'nyumbamo analimo kale, koma anali atadulidwa pamodzi ndi ntchito. Ba Maud anayang'ana kabokosi kaja, ndipo hamala ikanakhala pafupi, kaya.

"Basi, tiimbe chabe," anatero Ba Ennie. "Maud, lelo khutu isiye. Umve."

Analowetsa wilibala m'chipinda chochezera, mmene munatsala makoma okha ndi mabala a misomali. Anansi anaunjikana m'mawindo. Ba Lemmy anapereka liwu, n'kuyamba iwo motsitsa, Ba Chalwe n'kulowa pansi pawo, ndipo Ba Maud, manja onse ali m'mbali, anamva thupi likuchita tsemwe. Analowa pamalo pawo bwinobwino. Kenaka Ba Ennie anakweza. Mayo! Mawu aja anali atakalamba, anali ndi kamchenga, koma anakwera ngati utsi wa m'mawa kopanda mphepo, ndipo Ba Maud, mzati wa a aluto, anasiya njira yawo n'kuwathamangira. Nyimbo inagwa.

"Wanikonkha, Maud," anatero Ba Ennie mofatsa. "Wasiya njila yako."

Hutala ya lole inalira panja.

"Imbani imwe batatu," anatero Ba Maud. "Ine nikhale chete, nimvele."

Anayimba atatu. Ba Maud anatsamira khoma, khutu lamoyo atalozetsa kwa iwo. Zinali zokoma, inde, zokoma kuposa chilichonse chimene anamvapo m'tchalitchi. Anadikira paja pakati, mpweya ataugwira. Ba Ennie anakwera, anafika pamwamba paja, ndipo panalibe chowagunda. Mawu anangodutsa. Ba Chalwe anatsika ndi besi yawo kukatula katundu amene panalibe womusenza. Palibe chinapweteka, palibe chinamasuka. Ba Maud anazindikira pomwepo, ndipo kuzindikirako kunawawa kuposa maliro: chimene Ba Moven ankavalira jekete sichingakhalepo popanda iwo. Akakhala chete kuti amve, chinthucho palibe. Akayimba khutu lili lotsegula, chimagwa.

Ba Chalwe anatsokomola nthawi yaitali, atapinda msana, Ba Lemmy akuwasisita.

"Bane," anatero atapezako mpweya, akuloza pachifuwa, "muno mwasala imozi chabe."

Hutala inaliranso, yaitali, ndipo dalaivala anamveka akukuwa kuti iye sanalembedwe ntchito yodikira makwaya, awasiya pomwepo. Amuna a Ba Ennie ankamupepesa.

"Maud, ni iwe unatiitana," anatero Ba Ennie. "Kamba. Tiyesenso na khutu yotsegula? Kapena manje uzalimba."

Kapena akanalimbadi, ndani akudziwa? Mtima wawo wonse unkakuwa kuti yesa, mwayi wako ndi womwewu, anthu awa anaimva kale kambirimbiri. Koma anayang'ana Ba Lemmy, malaya atang'ambika paphewa pamene pamakhala belo, ataima mowongoka ngati masiku a tayi. Anayang'ana Ba Ennie, amene mawa lake akadzuke pa mudzi wopanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti anali sopulano. Anayang'ana Ba Chalwe, amene anagwedezeka m'wilibala kuchokera ku George, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti ulendo wawo wotsatira ndi wa kumanda. Akaigwetsanso nyimboyi, anthu atatuwa apita ndi yogwa, ndipo palibe Loweruka lina.

Anasendera, n'kugunditsa phewa lawo pa phewa la Ba Ennie. Anamvera liwu la Ba Lemmy. Anakweza dzanja n'kutseka khutu.

Zonse zinapita kutali. Anatsala ndi mawu awo okhuthala aja, okhaokha, ndipo zina zonse anazitsata ndi maso. Anaona milomo ya Ba Lemmy, anaona mtsempha wa pakhosi pa Ba Chalwe utatupa, anamva phewa la Ba Ennie likukwera n'kutsika. Atafika paja pakati anagwira liwu lawo limodzi lija ngati munthu wogwira chingwe cha pa chitsime, ndipo anachiona chinthucho chikufika pa nkhope za anthu. Dalaivala, amene analowa kudzakalipa, anaima pakhomo kukamwa kuli yasa, n'kuvula chipewa. Amuna a Ba Ennie anatembenukira kukhoma. Misozi ya Ba Ennie inatsika osaipukuta. Chala cha Ba Maud chinafuna kuchoka chokha m'khutumo, pang'ono pokha, kamphindi chabe. Anachikanikiza mpaka kuwawa. Kenaka anasuntha liwu lawo pang'ono paja, ndipo anaona mapewa onse m'chipindamo akutsika pamodzi.

Kanatha msanga, monga kankathera nthawi zonse. Pochotsa chala anangopeza kutsokomola kwa Ba Chalwe ndi kufwenthera kwa anthu a m'mawindo.

Kutsanzikana kunali kwachangu. Ba Ennie anawakumbatira, n'kukwera kutsogolo. Lole inanyamuka ikupendama ndi kabati, n'kukhota pa ngodya ya msika. Anansi anabalalika, aliyense ku mbaula yake. Pa msewu panatsala anthu atatu ndi wailesi yakufa.

Ba Maud anawerama pa wilibala, n'kukonza bulangete pa miyendo yotupa ija. Anadikira mpaka chifuwa cha Ba Chalwe chitakhazikika, n'kusendeza khutu lamoyo pafupi ndi pakamwa pawo.

"Ba Chalwe, niuzeni zoona. Yamveka bwanji?"

Ba Chalwe anatsegula maso, ali onyowa, n'kumwetulira ndi mtima wonse, pofuna kuwapatsa mawu abwino kuposa onse amene anali nawo.

"Monga kale, mayo. Monga kale chabe."

Ba Maud anagwedeza mutu ngati munthu wodziwa. Kenaka anagwira chogwirira chimodzi cha wilibala, Ba Lemmy chinacho, n'kuyamba ulendo wa ku George.